Kauboyi wa ku Chitawira

"Ife makauboyi tikangotsokomola, ng'ombe zana zimagona pansi!" anadzitama a Namacha, akupendeketsa chipewa chawo chapakaunjika. Anzawo a mu ofesi yosunga mafayilo akale anafa nalo phwete.

Eliness sanaseke. Ankayanika yekha padzuwa mafayilo onyowa ndi mvula, madoda athunthu akuwomberana ndi zala ngati m'mafilimu. Iye anakula akuweta ng'ombe zenizeni ku Nsanje, ndipo zachibwanazi zinkamunyansa.

Mwadzidzidzi tonde wa aneba analowa pageti n'kuyamba kutafuna fayilo.

"Achemwali, thandizeni! Ali ndi nyanga!" anakuwa a Namacha ali pamwamba pa tebulo, chipewa chitagwa pansi.

Eliness anamukoka khutu tondeyo n'kumutulutsa, ataluma chipewa chija.

"Tsikanitu, a kauboyi. Wapita. Chipewa chanu akukamalizira kwawo."