Holo Ndilipira Ine

Mai Flora anali asanamalize kutchula mtengo wa chakudya pamene Tusekele anatseka laputopu, nkunena kuti ukwati uyambe waima.

Anali m'khitchini kunyumba kwa Tusekele ku Beech Grove. Mai Flora anali atangosamukira kumene ku Indianapolis, ndipo aka kanali koyamba kuitanidwa kuti adzaphike pa ukwati mumzindawu. Iwo anangomudziwira Tusekele kutchalitchi kuti ndi namwino. Bambo wamtali amene anamupeza atakhala pambali pake, atavala kale yunifolomu ya kuntchito, anangomva akutchulidwa kuti a Lyson.

Tusekele anafotokoza modekha. Holo inali yodula, wokongoletsa anali atakweza mtengo, diresi inali isanagulidwe, ndipo panalinso matikiti a ndege a mayi ake ndi ankhoswe ochokera ku Karonga. Bajeti inali itaphulika. Iye sankafuna kulowa m'banja ndi ngongole kumsana, choncho kunali bwino kudikira chaka chamawa, mwinanso chinacho.

A Lyson anaika kapu ya tiyi pansi ngati yawaotcha.

"Chaka chamawa? Ayi, Tuse. Tinagwirizana June, ndipo ukwati uwu susuntha."

Anakoka laputopu ija nkuitsegula okha. Za DJ anati zisavute, ali ndi mnzawo kuntchito amene angaimbe nyimbo tsiku lonse bola apatsidwe mbale ya mpunga ndi nkhuku. Wokongoletsa amukansele, amayi a kutchalitchi akongoletsa ndi zitenje. Galimoto yonyamula mkwatibwi apempha kwa msuweni wawo, ndipo aitsuka ndi manja awo. Keke ikhale ya nsanjika ziwiri, koma isakhale ya chokoleti, poti Tuse chokoleti chimamupweteketsa mutu.

Mai Flora anayang'ana bamboyo mwachidwi. Pa moyo wawo anali ataphika maukwati ambiri, ku Zomba ndi kuno komwe. Amuna ambiri pa zokambirana ngati izi ankangokhala phee, maso pa foni, nkumadzidzimuka akamva mawu oti madola. Malemu amuna awo anatsala pang'ono kuthetsa ukwati chifukwa cha mtengo wa mbuzi imodzi. Koma uyu ankadziwa ngakhale zoti apongozi sangakwanitse kukhala nthawi yaitali pabwalo la ndege chifukwa cha mawondo, ndipo anali atafufuza kale ndege yosachedwa panjira.

Tusekele sanagonje msanga. Anati zonsezo ndi zabwino, koma holo yokha ikumeza theka la ndalama, ndipo eni ake akufuna dipoziti sabata yomweyo. Za perekaniperekani munthu sangadalire, chifukwa anthu a kuno amavina kwambiri koma amaponya dola imodziimodzi. Anatinso palibe chothamangira, chikondi sichiwola.

A Lyson anaimirira, nkuyenda mpaka pa zenera, nkubwerera. Pachipumi panali thukuta ngakhale kunja kunkazizira.

"Holo ndilipira ine," anatero. "Nditenga ovataimu Loweruka ndi Lamlungu mpaka June. Ikapanda kukwana ndigulitsa galimoto, ndizikwera basi. Koma usandiuzenso za chaka chamawa."

Tusekele anawafunsa ngati akunena zoona, poti a Lyson ndi ndalama zawo sasiyana wamba. A Lyson anatulutsa foni, nkuimbira eni holo pomwepo, nkubukitsa tsikulo ndi khadi yawo.

Mai Flora anamva misozi ikulengeza. Anaganiza za mwana wawo wamkazi, amene chibwenzi chake chinali chitatha zaka chikungolonjeza. Anachita manyazi ndi mtengo umene anatchula uja. Munthu akufuna kugulitsa galimoto m'dziko lozizira ngati lino, iwo nkumaumirira phindu? Anakonza kukhosi, nkunena kuti chakudya achichotsera mtengo, mandasi ndi zitumbuwa aphika zaulere, ndipo mpunga wa Kilombero umene anasungira Khirisimasi aupereka ngati mphatso. A Lyson anawagwira dzanja ndi manja awiri, nkuwerama, nkuwauza kuti sakudziwa kukula kwa chimene awachitira.

Kenako anayang'ana wotchi. Nthawi ya shifiti inali itakwana. Anatsuka kapu yawo, nkuibwezera m'kabati osafunsa malo ake, nkutsanzika. Ali pakhomo anatembenuka nkukumbutsa Tusekele kuti makadi oitanira anthu atuluke msanga, kuti pasapezekenso wina wosintha maganizo.

Galimoto itachoka, Mai Flora anasendera pafupi ndi Tusekele nkumugwira paphewa.

"Mwana wanga, ndaona amuna ambiri ine. Ameneyu umugwire zolimba, osamutaya."

Tusekele anawayang'ana kaye, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndinawataya kalekale, mayi. Amene akundikwatira ndi Mervin, ali ku South Bend. A Lyson ndi amuna anga akale. Tikusiyana anasainira kukhoti kuti azindipatsa ndalama mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku limene ndidzakwatiwenso."