Kugwa kwa Ishraga

Kachitatu mkwatibwi Ishraga anadzigwetsa dala pakati pa gule, kachitatunso mkwati anamuwakha asanafike pamphasa. Akuchimuna anaimba nthungululu. Mkwati akaphonya, chigoli chimakhala chathu akuchikazi, koma lero sitinagoletse ngakhale kamodzi. Chonsecho mzinda wonse wa Omdurman ukudziwa kuti mkwati Mutasim ameneyu ngakhale kapu ya tiyi imamupulumuka.

Ndinasiya kuyang'ana gule, n'kuyang'ana manja a Hajja Nafisa, eni gulu lathu loimba. Ishraga akatsala pang'ono kugwa, iwo ankagogoda kawiri m'mphepete mwa ng'oma yawo, Mutasim n'kutambasula manja.

"Hajja, kugogoda uku sikuli m'nyimbo," ndinanong'ona. "Mwamugulitsa mwana wa eni?"

"Imba ng'oma, mwanawe. Unaphunzirira pa chidebe, lero ukufuna kundiwerenga zala? Ukayankhulanso, mawa usabwere."

Ntchito ina ndilibe. Koma amene wakhala akumuphunzitsa Ishraga gule ameneyu ndine, mpaka mawondo ake anasupuka. Nyimbo itafika pakati, nthawi yogwa isanakwane, ndinagogoda kawiri m'mphepete mwa ng'oma yanga.

Mutasim anadumpha n'kukumbatira mphepo. Akadali dzandidzandi, Ishraga anagwa, khu! Azimayi athu anakuwa "Chigoli!", akuseka mpaka kupukuta misozi.

Ndinamwetulira Ishraga, koma iye sanabweze. Ali chigonere pamphasa, anayang'ana Hajja Nafisa ngati munthu amene mnzake wamuphwanyira pangano. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine.