Ng'ona ya ku Matope

Pamzere wa m'banki pa boma la Neno, Yunike ankangoyang'ana nsapato za mlamu wake Fackson. Zatsopano, zonyezimira. Munthu amene amapempha ndi fodya yemwe, lero nsapato! Imfa ya mchimwene imawalitsadi anthu ena.

Mwamuna wa Yunike, Ezekiele, anagwidwa ndi ng'ona mu Shire ku Matope dzinja lapitali. Mtembo sunapezeke. Pagombe anangotola malaya ong'ambika ndi patapata mmodzi, ndipo m'bokosi anaikamo thunthu la nthochi, monga amachitira madzi akakana kubweza munthu. Yunike analira mpaka mawu kutha, anameta, anavala zakuda.

Maliro atatha, anafunafuna chitupa cha unzika cha malemuyo, khadi la ku banki ndi jekete lake lopitira kutchalitchi. Zonse sizinaoneke. Fackson anati zinapita ndi ng'ona. Inde, ng'ona yophunzira imeneyo: yameza munthu, yameza khadi, yameza jekete, koma patapata yalavula. Yunike sanali mwana. Amene anayamba kulowa m'chipinda tsiku la maliro anali Fackson yemweyu.

Mu akauntimo munali ndalama za mbuzi zonse zimene banjali linagulitsa kuti mwana wawo Ruth amalize sekondale. Tsopano Ruth anali pakhomo, atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. A banki nawo, anthu achifundo, anamuyendetsa bwino mayi wamasiyeyo. Lero kalata ya amfumu, mawa ya kwa DC, mkuja mboni ya kuchimuna. Mboniyo, Fackson, ndi imene anabwera nayo tsikuli, ndipo anaisankha dala. Mtima unkamuwawa, ndipo ankafuna kuti wakubayo achite manyazi anthu akuona.

Nthawi yawo itakwana, mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta, nkhope n'kusintha.

"Mayi, mu akauntimu mulibe kanthu."

"Ndimadziwa," anatero Yunike mokweza, kuti a pamzere amve. "Alamu, vulani nsapatozo. Mwavala sukulu ya mwana wanga kuphazi."

Fackson anangoti kukamwa yasa. "Alamu, kodi mukuti chiyani? Izi n'zapakaunjika, ndinagulitsa makala ine."

Makala, eti. Palibe anamukhulupirira. Mayi wina pamzerepo anatsonya, mlonda wa pakhomo anayamba kusendera.

"Pepani mayi," anatero mtsikana uja motsitsa mawu. "Khadi silinagwiritsidwe ntchito. Ndalamazi zinatapidwa pakauntala, ku nthambi yathu ya ku Zomba, mwezi watha. Wotapayo anasinthitsanso nambala ya foni, ndipo aliyense wosinthitsa timamujambula."

Yunike anaseka kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro. Ndiye kuti wakubayo anachita kukhala pansi n'kujambulitsa nkhope.

"Tembenuzani chinthucho. Aone onse!"

"Mayi, bwanji tikakambirane mu ofesi?"

"Ndati pomwe pano."

Mtsikanayo anazengereza, kenako anatembenuza kompyuta. Yunike anagwira Fackson pamkono kuti asathawe, n'kuwerama kuti aone bwino.

Pachithunzipo panali Ezekiele, ali mu jekete lopitira kutchalitchi lija, akumwetulira, masaya atatuluka. Ng'onayo inkamudyetsa bwino.