Anamuitana Kudzapha Drenok

Lowell Sadowski anali atangoluma kawiri buledi wake wamasana pamene chitseko cha kaofesi kake chinagwera mkati, mahinjesi ali lendelende. Pakhomo panaima Drenok, chimphona cha kudziko lakutali, nkhope yobiriwira, mphumi yamizere itatu. Kunena zoona anali Otis Varga, katswiri wa zisudzo yemwe ankasewera ngati Drenok pakanema, koma anabwera osavula chigoba cha labala chimene ankamumata nacho kumaso m'mawa uliwonse.

Lowell anaudziwa mlandu wake. Pakampani ya mafilimuyi iye anali mlendo, woitanidwa kudzalemba gawo limodzi lokha la sewero la pakanema la anthu oyenda pachombo pakati pa nyenyezi. Alembi apakhomo analipo anayi, onse ochenjera. Atauzidwa kuti Drenok afe, aliyense anadwala chimfine. Ndani angafune dzina lake pagawo lopha munthu amene ana onse a mu Amereka ankamukonda, kenako makalata otukwana azibwera m'matumba? Ndiye anakatola Lowell kutauni ya Burbank, komwe ankalemba zotsatsa sopo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu kalumoko anachita kumuika m'manja.

Ndipo anamuphadi. Patsamba 52, Drenok ankapsa m'chipinda cha injini populumutsa anzake. Masamba a gawolo, otayipidwa papepala loyera, anagawidwa Lolemba. Lero linali Lachinayi.

"Bambo Varga, takhalani pansi tikambirane," anatero Lowell.

Otis sanakhale. Anagubuduza tebulo ndi dzanja limodzi, makina otayipira nkugwa pansi, zilembo kumwazika ngati mano. Chibakera choyamba chinafikira pamphuno. Lowell anamva kuti phwa, magazi nkuyamba kutsikira pakamwa, otentha, amchere. Chachiwiri chinamupeza m'nthiti, mpweya wonse nkumuthawa. Magalasi ake anagwa, Otis nkuwaponda osayang'ana nkomwe.

M'khonde munamveka zitseko zikutsekedwa chimodzichimodzi. Alembi anayi aja chimfine chinali chitawabwereranso.

Lowell anachita mantha a imfa, koma pansi pa manthawo panali chisoni. Munthuyu ankamumvetsa. Zaka zisanu ndi chimodzi ali Drenok, dziko lonse likumudziwa ndi nkhope yobiriwira, yake yeniyeni palibe woikumbukira. Ukamupha Drenok, Otis apita kuti? Ndani angalembe ntchito bambo wa zaka makumi asanu yemwe palibe amamuzindikira? Maganizo omwewa ndi amene anamusowetsa Lowell mtendere sabata yonse, mpaka anachita chimene mlendo sachita. Analemba mathero ena, nkudutsa mkulu wa seweroli, nkukagogoda kwa mwini kampani weniweni. Anamuonetsa makalata a ana, anamuuza za zidole za Drenok zomwe zinali mbwee m'masitolo. Mwini kampani anasaina m'mawa wa Lachinayi lomwelo, ndipo chimene iye wasaina palibe wochifufuta.

Pantchitoyi, tsamba likasinthidwa amalitayipa papepala labuluu kuti aliyense aone kuti loyera latha ntchito. Labuluu la Lowell linali m'kabati. Akanangolifikira.

Otis anamunyamula ndi kolala nkumumenyetsa kukhoma, chithunzi cha chombo nkugwa, galasi kuphwanyika. Lowell anatsetserekera pansi nkuyamba kukwawa, mawondo akuchekeka ndi magalasi. Atatambasula dzanja lamanja kukoka kabati, nsapato ya Drenok, yachitsulo kutsogolo, inatsika pa zala zake. Ziwiri zinathyoka. Anakuwa mpaka mawu kusasa.

"Ukuthawira kuti?" anafunsa Otis. Mawu ake ankatuluka mofooka kuseri kwa labala. "Wabwera dzulodzulo iwe, mlendo, ndiye uziyendetsa moyo wanga ndi kamakina kako? Unandifunsa?"

"Sindinafune kukuphani, bambo. Anachita kundituma."

"Ndikudziwa amene anakutuma."

"Ndiye tandimverani kaye, chonde."

Ndi dzanja lamanzere Lowell anakoka kabatiyo, nkusolola pepala labuluu. Magazi a m'mphuno anadonthera pamzere woyamba. Analikweza m'mwamba, ndipo ngakhale nthiti zinkabaya, mumtima munabwera kachimwemwe. Anaona kale m'maganizo chimphonachi chikugwada, chikupepesa, mwinanso kumunyamula kupita naye kuchipatala.

"Simufa, Bambo Varga. Werengani. Anthu a mtundu wa Drenok khungu lawo limaphukanso likapsa. Patsamba lomaliza mukutsegula maso. Bwana wamkulu wasaina, ndipo wati sewero lipitirira zaka zina zinayi, inu muli momwemo. Ntchito yanu ndaipulumutsa ine."

Otis sanalilandire pepalalo. Analowetsa zikhadabo pansi pa chibwano nkuyamba kusenda chigobacho pang'onopang'ono, guluu akunyamuka ndi khungu lomwe. Pansi pake panali masaya a zilonda zofiira, zonyowa, ndi diso lakumanzere loyera ngati mkaka.

"Ndawerenga kale, andipatsa m'mawa akundimata chigobachi," anatero motsitsa mawu. "Pangano langa limati ndidzachoka pokhapokha Drenok atafa. Zaka zitatu ndakhala ndikugwada kuti andiphe guluuyu asanandidye diso latsalali, ndipo anali atavomera." Anawerama, nkugwira dzanja lamanzere la Lowell, lomwe zala zake zinali zisanathyoke.