Jombo za Petson

Madzulo aja ndinapita pakantemba kukagula mafuta oti nditumizire mwana wanga Petson, amene ali kumaphunziro a usilikali. Akuti jombo zamutulutsa matuza.

Pobwerera ndinamupeza pageti pathu, kuno ku Bwacha, atameta mpala, akuguba pamalo amodzi. Jombo zinkamenya pansi, koma osamveka.

"Amai, ndatopa. Nditsegulireni ndigone."

Mawu anali ake, koma pakamwa sipanatseguke.

"Iwe, usandiyese! Maliro ine sindilandira. Bwerera kumene wasiya thupi lako, ukamalize maphunziro. Muno udzalowa masana, mapazi akumveka."

Ndinalowa ndekha n'kukhoma chitseko. Sindinalire.

Pamenepo m'pamene jombo zinayamba kumveka, gu, gu, kuzungulira nyumba.

Zungulira mpaka kuche, mwanawe. Sinditsegula.