Gologolo M'mimba mwa Makina

Padangokhala, pa fakitale ina yofinya mafuta a mpendadzuwa, Gologolo ndi Nanzikambe ankalimbirana ukapitawo. Tsiku lina makina aakulu anatsamwa ndi makoko, magetsi nawo n'kuzima. Bwana Njati anati, "Amene achotse zotsamwazi, ukapitawo ndi wake."

Gologolo sanadikire. Analumphira m'mimba mwa makinawo, mchira uli lende pa lamba. Atasuzumira kunja, anaona Nanzikambe akulowera kukhoma, mwendo umodziumodzi.

"Achimwene, mwasochera! Makina ali kuno!"

"Ndikukathimitsa kaye," anatero Nanzikambe.

"Muthimitsa chiyani magetsi kulibe? Mtembo amauphanso?"

Nanzikambe anatsitsa swichi ya makina otsamwawo, naikhoma ndi loko, kiyi n'kupachika m'khosi. Gologolo anapukusa mutu. Kodi ndi ukalamba, kapena mnzakeyu wagonja mwaulemu?

Mwadzidzidzi mababu anayaka. Makina ena onse anabangula, malamba ali liwiro. Gologolo anatsinzina, kudikira kuti mano achitsulo amutafune. Koma makina amene iye analimo anangoti zii.

Anatuluka makoko ali m'manja.

"Wapambana Gologolo!" anakuwa Njati.

Gologolo anayang'ana mchira wake, uli wathunthu. Anayang'ana mnzake uja ali chiimire kukhoma. Mutu sunamugwire.

"Bwana, ngati wapambana ndine, nanga miyendo yangayi ikukaniranji kuima?"

Nanzikambe anatembenuza diso limodzi lokha.

"A kapitawo, mwatulutsa zonse? Manja, mchira? Werengani bwino, ndisanayatse."