Bango Lopendekera Kumanzere

Padangokhala, kale mitengo isanaidziwe nkhwangwa, nyama za tsidya lino zinkazika bango lopendekera kumanja panjira yabwino, ndipo lopendekera kumanzere panjira ya mbuna. Za tsidya ilo zinkachita mosemphanitsa.

Tsiku lina Njati anadwala mwakayakaya, mankhwala ali kwa sing'anga Nungu kutsidya. Nanzikambe anadzipereka kukatenga.

"Inu achimwene, pobwera mudzapeza titaika kale maliro," anatero Gwape, naliyatsa liwiro. Atawoloka anatsata bango la kumanja monga kwawo, nagwera m'mbuna.

Nanzikambe anafika padooko la kutsidya dzuwa litapendeka, diso lina lili pabango, lina pa Nkhanu amene ankaothera dzuwa.

"Zikomo mayi, ndine mlendo. Kuno njira yabwino mumaisonyeza bwanji?"

"Tsatani la kumanzere, bambo."

Anafika bwino kwa Nungu, nalandira mankhwala, napemphanso nyama zakumeneko kuti zikavuule Gwape amene anamumva akulira m'mbuna. Pobwerera, atawolokera kwawo, anaimanso kufunsa Chule za bango.

"Mpaka kwanu komwe mukufunsa?" anadandaula Gwape akutsimphina pambuyo.

"Ndiye kufika kwanga kumeneko," anayankha Nanzikambe.

Njati anachira. Mwendo wa Gwape ndiwo unatenga mwezi wathunthu.